Chaka Chimene Halldis Anasiya Abakha

Mphepo ya mpoto inayamba kuomba Epulo atangolowa, ndipo ikaomba chotero munthu sakhala m'nyumba. Imaumitsa matanthwe, imathamangitsira mitambo kummwera, ndiye ndere zimene mafunde analavulira pagombe m'nyengo yachisanu zimafunika kuziwola ndi kuziyanika mphepoyo isanatembenuke n'kubweretsa mvula. Ndere zikanyowa kawiri zimachita chuku, ndipo bakha sakhalira mazira pa ndere zachuku.

Halldis anali pakachilumba ka Risholmen chiyambire Lachisanu. Ankawola nderezo ndi foloko yaitali ya mayi ake, kuzisenza m'dengu, kukaziyala pathanthwe la kuseri kwa nyumba. Zala zinali zitachita dzanzi. M'mithunzi ya miyala munali mukadali chipale chofewa. Kutali ndi gombe abakha anali atayamba kuoneka awiriawiri, amphongo oyera mbee, mathadzi ofiirira ngati ndere zomwezo. Sankayandikira. Ankangoyandama n'kumayang'ana kumtunda, monga amachitira chaka ndi chaka asanatsimikize kuti kuli munthu.

Iye anabadwira pomwepo, m'nyumba imodzi yokhayo ya pakachilumbako. Abakha a m'nyanja yamchere saweteka, chaka chonse amakhala pamafunde. Koma ikakwana nthawi yoikira amakwera kumtunda kufuna pamene pali munthu, chifukwa pamene pali munthu likongwe ndi katumbu amadutsa patali, akhwangwala nawonso amachita manyazi. Makolo a Halldis anawamangira tinyumba ta miyala, ta matabwa otola pagombe, ta zidutswa za maboti osweka, kena apa kena apo, ponseponse pakachilumbako. M'kanyumba kalikonse amakonzamo chisa cha ndere zouma. Thadzi limadzisosola nthenga zofewa za pachifuwa n'kufunditsa mazira, ndipo ana akaswa n'kutsikira kunyanja, nthenga zotsalazo zimakhala za mwini malo. Ndi zimene amasokera zofunda zija munthu amasiyira zidzukulu.

Mayi ake, a Gunnvor, anali ndi malamulo awo. Abakha akayamba kukwera sankalola kusonkha moto m'mawa, kuopa utsi. Sankalola kumenyetsa chitseko. Ankavala juzi imodzimodzi, kuyenda njira imodzimodzi, akulankhula ndi mathadzi chapansipansi monga munthu amalankhulira ndi wodwala. Halldis ndi mlongo wake Eilif anakula akunong'ona kuyambira Meyi mpaka Julayi. Eilif atangosinkhuka anakwera boti la nsomba, akuti akufuna kukakhala kumene mwamuna angatsokomole osapepesa bakha. Halldis anapita kumtunda kukaphunzira uphunzitsi. Anakwatiwa komweko, ukwati unatha popanda phokoso, ndipo anabwerera kudzaphunzitsa masamu ndi ntchito zamanja pasukulu ya pachilumba chachikulu chapafupi. Loweruka ankakwera kaboti kake kukathandiza mayi ake. Zaka zinkapita choncho mpaka m'mutu munayamba imvi.

Za Chijeremani zinabwera a Arnulf atapuma ntchito. Iwo ndi amene ankaphunzitsa chiyankhulocho pasukulupo chiyambire Halldis ali mwana, ndipo atachoka panalibe wofuna kudzalowa m'malo mwawo. Wachinyamata uti angasankhe chilumba chimene sitima imalephera kufika mphepo ikakula? Ana a makalasi apamwamba anawapezera mphunzitsi wa pakanema, wolankhula ali kumtunda. Mawu ankadukaduka, nkhope inkauma pakanemapo kukamwa kuli yasa, ana n'kumaseka. Patapita nthawi anasiya ngakhale kusekako. Makolo anayamba kukamba zotumiza ana awo kusukulu yogonera ya kumtunda. Aliyense ankadziwa kuti akuluwo akapita ang'ono amatsatira, ndipo sukulu ikatsekedwa mabanja amalongedza.

M'nyengo yomweyo boma linalengeza kuti mphunzitsi aliyense wa m'sukulu zake amene angavomere kuphunzira chiyankhulo chakunja n'kumachiphunzitsa, limulipirira zonse. Torunn, mphunzitsi wamkulu, anamupeza Halldis akusesa utuchi m'chipinda cha ntchito zamanja.

"Iwe suja umalankhula ndi Ajeremani obwera kudzawedza aja?"

"Ndimawalozera kumene kuli miyala, asaswe boti. Ndi manja."

"Ndiye unayamba kale. Kwangotsala pakamwa."

"Torunn, msinkhu wanga uno ndi woiwala mawu, osati wotola atsopano."

"Ndafunsa onse. Wina ali ndi khanda, wina akuti mutu wake unadzaza kalekale, ukathiramo china chimatayika. Usandiyankhe lero. Koma usandiyankhenso chaka chamawa."

Maphunzirowo anali a nyengo ziwiri zachisanu munthu ali pakhomo, koma mapeto ake anali okakhala ku Jeremani kuchokera kumapeto kwa Epulo mpaka Juni atatha. Wosapitako sankamupatsa chilolezo chophunzitsa. Halldis ataona miyeziyo anapita kukawauza mayi ake.

"Ndiye ukudandaula chiyani?" anatero a Gunnvor. "Abakha amadziwa ine, iwe amangokupirira. Pita ukaphunzire."

Anaphunzira. Mdima wa chisanu, uja dzuwa limangosuzumira masana n'kubwerera, unkamupeza patebulo la kukhitchini akutafuna mawu olimba ngati nsomba youma. Chisanu choyamba chinatha bwino. Chachiwiri chitangoyamba, mu Novembala, a Gunnvor anagona tsiku lina masana osadzukanso. Anawaika kumanda a patchalitchi nthaka isanalimbe.

Halldis anapempha kuti ulendo wake ausunthire chaka china. Anamuyankha mwaulemu kuti gulu lawo ndi lomaliza, thandizolo likuthera pomwepo. Ndipo iye ankadziwa bwino zimene zimachitika kachilumba kakakhala kopanda munthu nyengo imodzi yokha. Anazionera pa tizilumba toyandikana nako. Alikongwe amamwa mazira, mathadzi amathawa, ndipo thadzi limene lathawa silibweranso. Tinyumba timatsala tikumera udzu m'kati.

Lamlungu, ndere zija zitauma n'kuzilowetsa pouma, Halldis anabwerera kuchilumba chachikulu. Eilif anali padoko akupala boti lake. Nyengo ya nsomba inali itangotha ndipo doko lonse linkanunkha penti, pakuti kuno nsomba zikatha mwamuna aliyense amagwira burashi: boti, shedi, mpanda, chilichonse chimene chaima osathawa.

"Wabwera ukununkha ndere," anatero Eilif. Mawu ake anali a munthu amene moyo wake wonse wakhala akupikisana ndi injini.

"Ndabwera kudzakupempha chinthu."

"Ngati ndi boti, tenga. Ngati ndi abakha, sindikumva, khutu ili linafa."

"Ndilankhulire linalo?"

"Nalonso likudwala."

Halldis sanaseke. Anakhala pabokosi la nsomba n'kubisa manja m'khwapa.

"Ndikapita, ku Risholmen kulibe munthu. Ndikatsala, ana alibe mphunzitsi. Chisanu chonsechi ndakhala ndikufuna njira ina, sindinaipeze."

"Ndiye wapeza ine? Ine ndikayetsemula mbalame za chilumba chonse zimauluka. Amayi ankanditulutsa m'nyumba ndi maso okha, waiwala? Nanga galu wanga?"

"Akakhala kwa Torunn."

"Fodya?"

"Kuseri kwa thanthwe, mphepo ikamapita kunyanja."

"Khofi wam'mawa?"

"Uziphika madzulo, uzisunga m'fulasiki."

"Kundende amawasonkherako moto, ukudziwa?"

Eilif anapitiriza kupala botilo, zipalo zikugwera pamajombo ake. Kenaka, osatembenuka n'komwe, anati, "Chijeremanicho ukabweretse chambiri. Chisakathere m'njira."

Loweruka lotsatira anapita onse awiri ku Risholmen. Halldis anamuonetsa kachotsedwe ka ndere zachaka chatha, kayalidwe ka zatsopano, mmene amazipindira mozungulira n'kudinda pakati ndi chibakera, osazamitsa. Manja osoka maukonde sanachedwe kuzigwira. Halldis anamusiya komweko, poti iye anali ndi sabata yomaliza kusukulu.

"Uzikonza pamene pagumuka," anamuuza akukwera m'boti. "Denga likamadontha thadzi silikhala."

Atabwereranso Loweruka, ulendo uli Lolemba, anamva fungo asanakocheze. Kenaka anaona. Tinyumba tonse ta matabwa, tija tinali kena kuseri kwa mwala, kena m'kachigwa, kena pansi pa chitsamba, tinali titandanda mzere umodzi pamwamba pa gombe ngati mashedi a padoko, tonse tofiira psuu, makomo akuyang'ana kunyanja. Matabwa owola anali atawazula n'kukhomapo atsopano. Inali ntchito yaukhondo. Eilif anaima kumapeto kwa mzerewo burashi ili m'manja, nkhope ikuwala.

"Waona? Tsopano ukangoyenda kamodzi wayendera onse. Likongwe akabwera ndimuona ndili pawindo. Ta miyala tokha ndi timene tandikanika kunyamula."

Halldis anatsika m'boti madzi n'kumulowa m'majombo, osamva. Anayenda mzere wonsewo. Anagwira denga limodzi, chala chinabwerako chofiira.

"Thadzi limabwerera pamene linaikira chaka chatha," anatero pang'onopang'ono. "Osati pafupi. Pomwepo. Likapeza palibe, limazungulirazungulira n'kubwerera kunyanja."

"Nyumba ndi zomwezo."

"Fungo si lomwelo."

"Unati ndikonze."

"Ndinati pamene pagumuka."

"Paliponse panali pogumuka, Halldis. Zaka zonsezi inu awiri munkasunga zinyalala."

Mawuwo atangotuluka iye mwini anaweramitsa mutu. Anaika burashi pamwamba pa chitini, mosamala, ngati ingasweke.

"Palibe anandiuzapo. Ndinachoka kuno ndili mnyamata. Chimene ndimadziwa ine n'chakuti chinthu ukachikonda umachipaka penti."

Halldis anayang'ana kunyanja. Abakha anali atayandikira kuposa sabata yatha, amphongo akulira chapakhosi kuseri kwa mafunde. Akanatha kutsala. Akanatsala, mwina mawu ake akanakopa mathadzi akale amene ankamudziwa, ndipo akanagona pafupi ndi tinyumbato mpaka fungo litachepa. Anaganiza za chikwama chimene chinali chomanga kale kunyumba. Anaganiza za chipinda chija cha kanema, ana atagoneka mitu pamadesiki. Anaima nthawi yaitali, mphepo ikumuumitsa milomo. Kenaka anavula jekete.

"Nyamula uko."

Pamene panali kanyumba kalikonse udzu unali wachikasu, wogona, mpangidwe wa kanyumbako ukuonekera pansi. Ndiwo unawatsogolera. Halldis ankatizindikira tinyumbato ngakhale tinali titavala zofiira, monga munthu amazindikirira abale ake pa ukwati. Aka n'ka kuseri kwa mwala wong'ambika, khomo kum'mawa. Aka n'ka pansi pa chitsamba, kamapendekeka, usakawongole. Ananyamula Loweruka lonse ndi Lamlungu lonse. Anatikwecha ndi ndere zonyowa, anatimata dothi lakuda la m'kachigwa, anatenga matabwa owola aja, amene Eilif anaunjika kuti aotche, n'kuwasanjikanso pamadenga. Kufiira kunkaonekerabe. Fungo silinachoke.

Asananyamuke Halldis anatenga juzi ya mayi awo pamsomali n'kumupatsa Eilif. Siinamukwane, ndiye anangoimanga m'khosi.

"Uzilankhula nawo."

"Ndiziwauza chiyani?"

"Chilichonse. Za nyengo. Za injini yako. Bola chapansipansi."

Lolemba anakwera sitima.

Ku Jeremani mitengo inali itavala kale masamba aakulu, kunja kukufunda ngati m'khitchini. Mzindawo unali kutali ndi nyanja. M'mawa ankadzuka n'kutchera khutu kufuna mafunde, n'kumva mabelu a njinga. M'gulu lawo iye ndiye anali wamkulu, ndipo anzake ankamusiyira mpando wakutsogolo ngati kutchalitchi. Ankagona kwa mayi wina wamasiye amene ankamukonza mawu ali pakati potafuna buledi. Ankapita kusukulu ina kukayesera kuphunzitsa, kumene ana anayamba ndi kuseka lilime lake, kenaka n'kumamuthandiza. Pang'onopang'ono mawu anayamba kubwera okha. Tsiku lina anatuluka m'sitolo n'kuzindikira kuti wakangana ndi wogulitsa osayamba waganiza.

Eilif sankaimba. Ankangotumiza mawu afupiafupi pafoni. "Mvula." Patapita masiku, "Sanakwere." Kenaka, "Sanakwerebe." Kenaka zii. Halldis ankawerenga mawuwo pakati pa maphunziro n'kubwezera foni m'thumba. Panalibe woti amuuze. Akanayamba pati, kwa anthu amene bakha amamudziwa m'mbale?

Meyi ali pakati foni inalira masana ali pabenchi pansi pa mtengo. Anamva kupuma, kenaka manong'onong'o a munthu amene sanamuzindikire.

"Ndani?"

"Ndine Eilif, iwe. Usakuwe."

"Ukudwala? Mawu ako atani?"

"Thadzi lina lalowa m'shedi ya nkhuni. Laikira pakhomo penipeni. Nkhuni sindingatenge."

"Ndiye ukudya chiyani?"

"Buledi ndi nsomba za m'chitini. Limandiyang'ana ngati amayi."

"Nanga m'tinyumba?"

Halldis ankamva mphepo ya kwawo ikudutsa pafoni.

"Ta miyala tadzaza," anatero Eilif. "Ku tofiira amafika, amasuzumira, n'kubwerera. Ndimawauza kuti ndine ndinalakwa, nyumba ilibe mlandu. Samva."

"Pitiriza kuwauza."

Foni itaduka anakhalabe pabenchipo mpaka belu la kalasi linalira. Mayeso anali mwezi wotsatira, ndipo anakhoza.

Anabwerera Julayi atangoyamba, nyengo imene dzuwa limaiwala kulowa. Udzu wa pazilumba unali utafika m'mawondo, maluwa achikasu ali mbwee m'mphepete mwa miyala. Eilif anadzamutenga padoko. Anali ataonda, ndevu zitamera, ndipo atayandikira Risholmen anazimitsa injini patali n'kutenga nkhafi, popanda womuuza.

Anayendera kachilumba konse, Halldis patsogolo. M'tinyumba ta miyala munali nthenga, zotuwa, zofunda ukazigwira ngati kuti mwini wake wangochoka kumene. M'tofiira tambiri zisa zinali monga anazisiyira, dindo la chibakera likuonekabe pakati, ndere zili zoyera. Tofiira towerengeka, tija anatimata dothi kwambiri, tinali titalandira alendo. Mathadzi ena anali atadzisankhira okha malo: pansi pa boti lovundikira, pansi pa masitepe a nyumba, m'dengu lakale kuseri kwa chimbudzi. Onse pamodzi sanafike theka la abakha a masiku a mayi awo.

"Likongwe anabwera," anatero Eilif, akulankhulabe chapansipansi ngakhale zisa zinali zopanda kanthu. "Ulendo woyamba anandipeza ndili m'tulo, anamwa mazira a kumpoto. Ulendo wachiwiri sanabwerere kwawo."

"Nanga aja anabwerera kunyanja?"

"Sindikudziwa kumene anakaikira."

Onse awiri ankadziwa kuti amenewo sadzawaonanso. Pafupi ndi gombe mathadzi anali kusambira ndi tiana takuda tambirimbiri titaunjikana kumbuyo, tikumira n'kutumphuka. Timeneto tinaswedwa pa Risholmen, ndipo tikadzakula tidzafuna pomwepo.

Anakhala pamasitepe. Eilif anathira khofi wa m'fulasiki m'makapu awiri.

"Torunn akuti makolo asiya kukamba za kumtunda. Akuti uyamba Ogasiti."

"Eya."

"Ndiye Meyi wa chaka chamawa ukhala m'kalasi."

"Eya."

Eilif anayang'ana kanyumba kofiira kamene kanali kuseri kwa mwala wong'ambika. Anamwa khofi, n'kukwinya nkhope chifukwa anali atazizira.

"Pentiyo chisanu chimodzi chithana nayo. Ndinagula yotchipa." Anazunguza kapu n'kutaya zotsalira pa udzu. "Chaka chamawa ndibwera ndi kachitofu ka gasi. Kalibe utsi."

Halldis anamaliza khofi wake. Anatenga thumba lansalu pamsomali n'kupita kushedi ya nkhuni. Chisa chinali pakhomo penipeni, pakati pa chipika chowazirapo ndi nkhwangwa imene inali itachita dzimbiri pamene Eilif anaisiyira. Anagwada. Analowetsa manja onse awiri pansi pa nthengazo n'kuzinyamula zonse pamodzi. Anatolamo zikamba za mazira chimodzichimodzi, anachotsa timitengo ndi tinyenyeswa ta ndere, anazikung'untha pang'ono kuti fumbi ligwe. Anaziika m'thumba osazipanikiza, anamanga pakamwa ndi chingwe, n'kukalipachika pakhonde pamene pamadutsa mphepo.